Chithunzi Chimene Chinapha Kaitano

Utsi ndiwo unayamba kuoneka. Sabu-Inisipekitala Otilia Alufandika anauona galimoto ya polisi isanakhote n'komwe kulowa mumsika wa pa Bangula, ndipo sanachite kufunsa. Utsi wa zinyalala sukhala wakuda choncho. Uwu unali wa tayala.

"Pondani moto, a Feston," anauza kositabulo amene ankayendetsa. "Akutentha munthu."

Linali Lachitatu masana, dzuwa la kuchigwa likuswa mtengo. Khamu linali litaunjikana pafupi ndi pogulitsira mbuzi, amuna ndi zibonga, amayi ndi miyala, ena atakweza mafoni m'mwamba kujambula. Feston analiza huta mpaka kutopa koma palibe anasuntha. Anatsika n'kuwomba mfuti m'mwamba. Apo mpamene anthu anati balalabalala, kugwetsa mabenchi, kupondana, mapatapata kutsala m'fumbi.

Pakati panatsala munthu. Miyendo anali atam'manga ndi chingwe cha mbuzi, tayala la njinga yamoto lili m'khosi, likuyaka. Otilia anatsomphola chiguduli chonyowa pa benchi ya nsomba n'kumuvundikira nacho. Moto unamuwaula zala koma sanasiye mpaka Feston atakoka tayalalo ndi mtengo n'kuliponya kutali. Fungo la petulo, mphira ndi mnofu linamukhala pakhosi.

Nkhope ya munthuyo inali itaphwanyidwa ndi njerwa. Diso limodzi linali litatupa n'kutsekeka, mano akutsogolo kulibe, magazi akuchucha m'khutu. Koma ankapumabe.

"Bambo, dzina lanu ndani?"

"Kaitano."

"Limbani mtima. Tikupita nanu kuchipatala."

Munthuyo anafufuza dzanja la Otilia n'kuligwira. M'chikhatho chake munali zikang'a zolimba, za munthu wogwira nkhafi tsiku ndi tsiku.

"Ndinakanena ndine," anatero, magazi akuchita thovu pakamwa. "Ndine... ndinakanena."

"Munakanena chiyani? Kwa yani?"

Dzanja lake linalefuka. Anamukweza kumbuyo kwa galimoto, ndipo anatsirizika asanafike pageti la chipatala, mutu uli pamiyendo pa Otilia.

*

Atabwerera kumsika anapeza kuti aliyense wasanduka mlendo. Wogulitsa tomato anali atangofika kumene. Wa kabaza anali kuchimbudzi. Mayi mmodzi yekha, wogulitsa mlamba wouma, ndi amene analephera kunama, chifukwa chiguduli chopserera chija chinali chake.

"Ine nkhabe kuponya mwala, bwana," mayiyo anayamba m'Chisena, kenako n'kutembenukira ku Chimang'anja. "Sindinaponye ine. Ndinangokuwa nawo basi. Nanga munthu wakuba timuimbire nyimbo? Mwezi watha anatema m'busa wa ng'ombe ndi zikwanje, mwana wa eni, mpaka lero palibe wagwidwa. Anthu atopa."

"Mumamudziwa Kaitano?"

"Ndani osamudziwa? Ndi uja wa bwato pa doko. Ngakhale ine amandiwolotsa."

"Ng'ombe munamuona nazo?"

"Ine ayi. Koma zatuluka pa nyuzi."

Anamasula foni pa mfundo ya chitenje n'kutsegula gulu la WhatsApp la amalonda a mumsika. Uthengawo unali linki, ndipo pamwamba pake panali kabokosi kokhala ndi chithunzi komanso mutu wa nkhani. Pachithunzipo panali Kaitano, nkhope yake ili yonse, atavala malaya oyera a mizere, akumwetulira mwamanyazi. Mutu wake unati: MBAVA YADZIWIKA: KAITANO WA PA DOKO NDIYE AMAWOLOTSA NG'OMBE ZANU. Pansi pake panali dzina la webusaiti, Mawu a M'chigwa, tsamba la nkhani limene anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa ankalikhulupirira.

"Nkhani yakeyo munaiwerenga?" Otilia anafunsa.

"Ndiwerenge ndi chiyani? Bandulo yanga ndi ya WhatsApp yokha, siitsegula zinazo. Komanso ndiwerengerenji? Nkhope si iyi? Dzina si ili?"

"Pamsika pano alipo amene anaitsegula?"

Mayiyo anakweza mapewa. "Ena akuti ikukana."

Otilia anadzitumizira uthengawo pafoni yake. Unafika ndi chithunzi chake chomwe. Anadina linki ija. Foni inazungulira kanthawi, kenako inaonetsa chenjezo lofiira, loti tsambali si lotetezeka, satifiketi yake inatha mphamvu. Anadina mokakamiza kuti alowebe. Mkatimo munalibe nkhani iliyonse. Munangolembedwa kuti tsamba mukufunali kulibe.

Anaima pakati pa msika, zala zake zowauka zikumuwawa. Munthu anali atafa chifukwa cha nkhani imene palibe anaiwerenga.

*

Ofesi ya Mawu a M'chigwa inali chipinda chimodzi kuseri kwa golosale, makoma ake opakidwa penti wobiriwira ngati mtambo. Mwini wake, Mayi Eveless Thole, anali akadali m'chitenje cha kumaliro, fumbi la ulendo lili m'mapazi. Ankalankhula mothamanga.

"Sindinalembe ine! Mulungu akuona. Ndatha sabata ndili ku Chapananga kumaliro a malume anga, kumene netiweki umachita kukwera pachulu. Ndatsika basi m'mawa uno, foni kuyamba kulira ngati yapenga."

"Amene angathe kuika nkhani patsamba lanu ndi ndani?"

"Ine, a Lloyd awa, ndi Fernando, amene amatikonzera webusaiti."

Lloyd Semba anali mtolankhani wawo, amenenso ankasaka otsatsa malonda. Anakhala pampando wa pakona atapinda mwendo, tayi ili m'khosi ngakhale kunkatentha chotero. Ankalankhula mofatsa ngati wowerenga nkhani pa wailesi.

"Bwana, nkhani iyi ndi yachidziwikire," anatero. "Ndi akathyali a pa intaneti. Tsamba lathu ladwala kuyambira sabata yatha, chitseko chili pululu. Munthu ali ku Joni kapena kwina kulikonse akhoza kulowa n'kuchita zimene akufuna."

"Munthu wa ku Joni amudziwa bwanji Kaitano wa pa doko?"

Lloyd anatambasula manja. "Dziko lachepa masiku ano."

Otilia anatembenukira kwa Eveless. "Mayi, ndiuzeni za matendawa. Mulankhule ngati mukuuza munthu wa kumudzi."

Eveless anapumira m'mwamba. "Webusaiti iliyonse imakhala ndi satifiketi. Ili ngati chiphaso chotsimikiza kuti tsambali ndi lenileni, si lachinyengo. Ikakhala yamoyo, pafoni pamaoneka kaloko kotseka. Yathu inatha mphamvu ndisanapite kumaliro. Chithereni, aliyense wotsegula akukumana ndi chenjezo lofiiralo. Choipa kwambiri n'chakuti linki ukaitumiza pa WhatsApp kaya pa Facebook, ikupita yamaliseche. Yopanda chithunzi, yopanda mutu, zilembo zokhazokha. Ndani angadine zimenezo? Otsatsa malonda akhala akundidya wamoyo. A Pedro a butchala, alamu awo a Lloyd awa, anachita kubwera pano kudzatukwana kuti chithunzi cha nyama yawo sichikuoneka."

"Ndiye Fernando sanakonze?"

"Ndinamusiyira ntchitoyo pochoka. Mukuona nokha kuti sanakonze. Foni yake lero sikupezeka."

"Inu a Lloyd, Fernando munamuona liti?"

"Sabata yatha, tsiku limene mayiwa ankanyamuka. Dzulo ndinali ku Nsanje boma, kumsonkhano. Ndinabwera madzulo. Za tsambali ine ndinagwa nazo ulesi, sindikulitsegulanso."

"Kaitano mumamudziwa?"

"Pongomuona pa doko."

Otilia anapempha Eveless kuti amutumizire linki ya nkhani ina iliyonse ya patsambalo. Eveless anasankha ya mitengo ya thonje. Foni ya Otilia inalira. Anayang'ana. Zilembo zabuluu zokhazokha, popanda kabokosi, popanda chithunzi. Anayesanso ina, ya mpira. Chimodzimodzi.

Anaika foni patebulo, mauthenga onse atatu akuoneka, awiri amaliseche pansi, wa Kaitano pamwamba ndi malaya ake oyera.

"Mwati satifiketi ikafa, linki imayenda yamaliseche," anatero. "Nanga iyi inavala bwanji?"

Eveless anaweramira pafoniyo. Lloyd anatsitsa mwendo wake pansi.

*

Kashopu ka Fernando kanali kontena yakale pafupi ndi njanji, kumene ankakonzerako mafoni ndi makompyuta. Chitseko chinali chokhoma ndi loko kunja. Wowotcha tchipisi wa moyandikana anati sanamuone chiyambire m'mawa, ndipo mwina wapita kwawo ku Marka.

Otilia anali atatembenuka kale pamene anaona ntchentche. Zinali zitadzazana pansi pa chitseko, pamene kanthu kakuda kanayenderera n'kuuma pa simenti.

"A Feston, bweretsani chitsulo cha matayala."

Loko anathyoka. Mkatimo munali motentha ngati mu uvuni wa njerwa. Laputopu inali pansi, yoswedwa pakati, magalasi a mafoni ali mbwee. Fernando anagona kuseri kwa kauntala chafufumimba, mutu utang'ambika kuchokera pamwamba pa khutu mpaka kunkhongo. Pambali pake panali hamala, tsitsi litamatirira kumutu kwake. Zala ziwiri za dzanja lamanja zinali zothyoka, zoloza kumbuyo. Zinaoneka kuti anayesa kutchinga.

Otilia anagwada m'magazimo n'kumugwira pakhosi. Mtsempha unkagunda pang'onopang'ono.

"Fernando! Ndife apolisi. Wakumenyani ndani?"

Maso anatseguka koma sankaona munthu. Khutu lake linali lodzaza magazi oundana, ndipo Otilia anazindikira kuti sakumumva. Ankangolankhula yekha, ngati munthu wa malungo.

"Ndinakonza... dzulo m'mawa ndinakonza. Loko anatseka bwinobwino."

"Munauza ndani?"

"Ndachotsa ndekha lero. Ndabwezera satifiketi yakufa ija... ndimati chithunzi chife nacho." Anakhosomola. "Sichinafe. Chikatuluka chatuluka... akungopatsirana... sichibwerera."

"Fernando, munauza ndani kuti mwakonza?"

"Sichinafe," anabwereza, kenako maso anatembenuzika.

Anamunyamulira pa chitseko cha kabati. Foni yake anaifuna paliponse, panalibe.

Ali m'galimoto kuchokera kuchipatala, Otilia analankhula mokweza kuti adzimve yekha. "Ndiye tsamba linachira dzulo m'mawa, n'kudwalanso lero m'mawa. Pakati pamenepo wina analemba bodza lija, n'kutumiza linki kuti itenge chithunzi, kenako n'kufufuta nkhaniyo. Fernando ataona uthengawo anadziwa kuti wachita ndi munthu amene ankadziwa zoti tsamba lachira. Ndipo anamuitana kuti amufunse."

"Mayi aja anali ku Chapananga," Feston anatero.

"Akutero iwo."

"Wa tayi uja anali ku Nsanje."

"Akuteronso iye. Tiyeni kwa Kaitano."

*

Nyumba ya Kaitano inali chakumunsi, kufupi ndi dambo, ya njerwa zosawotcha. Uthenga unali utafika kale. Koma pakhomopo panalibe anthu ambiri monga zimakhalira pa maliro. Anansi ankasuzumira kutali, ataima m'mipanda yawo. Mkazi wake, Agnesi, anakhala pansi pakhonde miyendo atatambasula, maso ali gwa, osalira.

"Mamunanga si mbava tayu," anatero Otilia asanakhale n'komwe. "Mwamuna wanga si wakuba. Lembani zimenezo poyamba."

"Ndamva, mayi. Asanamwalire anandiuza kuti anakanena ndi iye. Ankatanthauza chiyani?"

Agnesi anayang'ana kumtsinje. "Amalawirira kukapalasa kusanache bwino. Kangapo konse anaona anthu akusambitsa ng'ombe kuwoloka nazo, kumunsi kwa doko, kumene kulibe anthu. Tsiku lina anawatsatira chapatali mpaka anaona kumene zinalowa. Anati ndi kukhola la kuseri kwa butchala ina. Dzina sanandiuze, ankati mkazi pakamwa. Ine ndinamuletsa. Ndinati bambo, ng'ombe si zanu, inu muli ndi mwadiya wanu, bwato lanu lomwelo, palasani. Koma za m'busa anatemedwa uja zinkamusowetsa tulo."

"Bwanji sanabwere kupolisi?"

"Ankaopa kuoneka akulowa pageti panu. Anati akanena kwa a nyuzi, iwo salemba dzina la wonena. Anapita Lolemba."

"Anakapeza ndani?"

"Anati mayi aja kunalibe. Anapeza bambo wa tayi, waulemu kwambiri. Anamupatsa mpando, anamugulira ndi fanta. Anamujambulanso, akuti n'chongosunga mu ofesi."

Otilia anatulutsa foni. Anazengereza, kenako anamuonetsa chithunzi chija. Agnesi anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuchikhudza ndi chala.

"Malaya awa ndinamugulira ine pa kaunjika Loweruka," anatero. "Anawavala kamodzi kokha. Lolemba lomwelo."

Apo mpamene analira. Kulira kwake kunamveka mpaka kumabango, koma m'mipanda muja simunatuluke munthu.

Otilia anakuza chithunzicho ndi zala. Wojambulayo anali atachidula mwaluso, kungosiya mutu ndi mapewa. Koma kuseri kwa khutu la Kaitano kunatsala kachidutswa ka khoma, kobiriwira ngati mtambo.

"Khoma lokha silimanga munthu," Feston ananong'ona akubwerera kugalimoto. "Adzati chithunzicho akathyali anachiba mu kompyuta."

"N'chifukwa chake ndikufuna umboni woti ankadziwa kuti tsamba lachira. Ndipo ndikudziwa munthu amene ankadikira uthenga umenewo kuposa wina aliyense."

*

Butchala ya Pedro Jambo inali kumapeto kwa mzere wa mashopu, dzuwa litapendeka. Miyendo ya ng'ombe inali lendelende pa ngowe, ndipo mwini wake, chimunthu chachikulu cha epuloni yamagazi, ankadula nthiti pa chipika ndi chikwanje. Ataona yunifolomu ya Feston anaseka mokweza.

"Abwana anga! Lero mudya chiwindi. Mbava yapsa, ife a nyama yachilungamo tipume."

"Tangodutsa, a Pedro," Otilia anatero, akuyang'ana nyama ngati wogula. "Tikufunsa onse amene amatsatsa malonda pa Mawu a M'chigwa. Tamva kuti akhala akukupusitsani. Mwalipira, koma chithunzi chanu osaoneka."

"Aaa, zimenezo zinatha! Ndinawakalipira, anakonza. Ine sindiseweretsedwa."

"Anakonza? Mayi Thole akuti mpaka lero n'chodwala."

"Mayi amenewo adziwa chiyani, anali kumudzi. Taonani." Anapukuta manja pa epuloni, n'kutulutsa foni m'thumba, n'kuitembenuzira kwa Otilia monyadira. "Alamu anga anandiponyera dzulo. Onani mmene nyama yawalira."

Linki inali ya Mawu a M'chigwa. Pamwamba pake panali kabokosi, chithunzi cha Pedro ataima pakhomo pa butchala, mutu wake uli pomwepo. Wotumiza anali Lloyd, dzulo m'mawa. Pansi analembapo kuti: Alamu, ndili kwa Fernando, wakonza. Tsamba lachira, loko watseka.

"Ndibwerekeni foniyi," Otilia anatero.

Pedro anayang'ana foni, n'kuyang'ana Otilia. Kuseka kunazima pankhope pake pang'onopang'ono, ngati munthu amene waponda njoka n'kuzindikira mochedwa. Kuchipinda chamkati kunamveka mpando ukugwa.

"Lloyd, thawa!" anakuwa Pedro, dzanja likupita pa chikwanje.

Feston analumpha kuti amugwire mkono, koma anachedwa. Chikwanje chinamutema pamkono wamanzere, magazi n'kuthovokera pa nyama yopachikidwa. Mfuti inagwa n'kulowa pansi pa firiji. Pedro anakwezanso chikwanje. Otilia anatola mwala wachitsulo wa pa sikelo n'kumuponya nawo ndi mphamvu zake zonse. Unamupeza pachibwano. Kunamveka kuti gwe, chimunthucho n'kugwada, mano akulavulira pansi. Feston, mkono uli chuchuchu, anamukhalira pamsana n'kumukanikiza khosi ndi bondo.

"Pitani, bwana! Uyu ndathana naye!"

Otilia anadutsa chipinda chamkati n'kutulukira kuseri. Kunali khola la mitengo ndi malo ophera, pansi pali matope a ndowe ndi magazi. Pampanda panayanikidwa zikopa, chilichonse chili ndi bowo pantchafu, pamene panali chizindikiro cha mwini ng'ombe. Lloyd anali akulimbana ndi geti lomangidwa ndi waya, chikwama chili kumsana. Ataona kuti geti silitseguka anatembenuka, m'manja muli ngowe yopachikira nyama.

"Musayandikire," anatero. Mawu a pa wailesi aja anali atatha. "Ndikung'ambani."

"Mwang'amba kale mmodzi lero, a Lloyd. Ali moyo."

Mawu amenewo anamulasa. Anathamangira Otilia akuzunguza ngowe. Otilia anazinda, koma nsonga inamukwapula patsaya n'kumung'amba mpaka pafupi ndi khutu. Anamva kutentha, kenako magazi kutsikira m'khosi. Lloyd anazunguzanso, nsapato zake zosalala za mu ofesi n'kutsetsereka pa matumbo otayidwa. Anagwa chagada. Otilia anamuponda dzanja la ngowe mpaka fupa linalira, n'kumugwira tayi, n'kumutembenuza nkhope kuloza m'matope. Unyolo unatseka.

M'chikwama munali mafoni awiri. Ina inali yaing'ono, yatsopano, yokhala ndi simu khadi imene inatumiza uthenga woyamba uja m'magulu. Inayo inali yong'aluka galasi, kuseri kwake kuli dzina la shopu ya Fernando.

Lloyd anatukula mutu, ndowe ili pakamwa. "Kaitano sindinamukhudze ine. Funsani aliyense. Ngakhale chala sindinamukhudze."

"Munamupatsa mpando," Otilia anatero, akudzigwira tsaya. "Munamugulira fanta. Anakuuzani zimene sanauze ngakhale mkazi wake."

"Akanamangitsa alamu anga. Mlongo wanga ndi ana akanadya chiyani?"

"Dzukani."

*

Mawa lake Otilia anapita kumaliro, tsaya lili ndi ulusi wa kuchipatala. Fernando anali atatsitsimuka m'mamawa n'kutchula dzina la Lloyd pamaso pa dokotala. Feston anali atagonekedwa, koma mkono unapulumuka. Eveless anali atalemba nkhani yoona n'kuimwaza m'magulu onse, ngakhale kuti ambiri ankaidumpha.

Pakhomo pa Kaitano anthu anali atabwera ndithu, poti maliro sathawidwa. Koma anakhala patalipatali, ali duu. Bokosi linali pakhonde, lokhomeredwa kale chifukwa thupi silinali loti n'kuonedwa. Panalibe nyimbo. Mkulu wa mpingo, bambo wa imvi wonyamula Baibulo m'khwapa, anamukokera Otilia pambali.

"Bwana, musatione ngati ouma mtima. Lamulo lathu ndi lakuti munthu wofera m'kuba sitimuimbira. Tingopemphera mwachidule, akaikidwe."

"Ndipatseni mpata ndilankhule."

"Mwambo wake sulola kuti..."

Otilia sanadikire. Anakaima pafupi ndi bokosi, pamene aliyense akanamuona. Pakati pa anthuwo anazindikira nkhope zingapo za kumsika, ndipo eni ake anaweramitsa mitu. Kuyankhula kunkamukoka ulusi, choncho analankhula pang'onopang'ono.

"Ine ndine Alufandika, wa polisi. Bambo ali m'bokosi awa anafera m'manja mwanga. Sanabe ng'ombe ya munthu. Anaona akuba, n'kupita kukanena kuti ng'ombe zanu zipulumuke. Amene anakamuuzayo ndi amene anawapaka bodza, ndipo ali m'chitokosi pamodzi ndi mwini butchala. Zikopa za ng'ombe zanu zili kupolisi, eni ake mubwere mudzazizindikire. Amene munagwira mwala ndi petulo, mafoni anu omwe anakujambulani. Tikupezani mmodzimmodzi. Koma zimenezo si za lero. Lero ndabwera kudzaika m'manda munthu wolungama."

Mwana analira kumbuyo, mayi ake n'kumutseka pakamwa ndi bere. Mkulu wa mpingo anayang'ana pansi, akutembenuza Baibulo m'manja.

Agnesi ndiye anadzuka. Anayenda yekha mpaka pabokosi, n'kuika dzanja pa thabwa, n'kuyambitsa nyimbo ya maliro ndi mawu osasa, othothoka. Anaimba mzere woyamba yekha. Anaimba wachiwiri yekha. Pa wachitatu mayi wina wachikulire wa m'chigulu cha amayi anavula mpango wa m'chiuno, n'kuumanga kumutu, n'kupolokozera. Anzake anatsatira, kenako mabesi a amuna analowa chapansipansi, ngati akuchita manyazi ndi mawu awo omwe.

Mkulu wa mpingo anatsegula Baibulo. Amuna anayandikira kudzanyamula bokosi, ndipo anachuluka kuposa zogwirira zake.